Anavomera mlandu umene sanapalamule: lipoti la wofufuza milandu

Lipotili ndalembera anzanga amene akuyamba kumene ntchito yofufuza milandu, komanso aliyense amene amadzifunsa kuti kodi apolisi ndi makhoti tinawaikiranji pakati pathu. Mayina a anthu, a malo ndi a polisi imene ndinkagwirako ndawachotsa dala. Mlanduwu ndinaufufuza ndine, ndipo cholakwa chachikulu chimene muchiwerenge pano n'changa. Ndineneretu chinthu chimodzi: mnyamata amene ndimukambe sitinamumenye. Palibe anamukhudza ngakhale ndi chala. Ndikuneneratu chifukwa ambiri a ife timaganiza kuti bola chikoti sichinagwire ntchito, ndiye kuti zimene munthu wavomera n'zoona basi.

Zimene zinachitika usiku umenewo

Akuba anathyola depoti yosungiramo zipangizo za magetsi. Anadula loko wa geti la kuseri, n'kutenga madiramu 6 a waya wa kopa ndi mabatire angapo. Mlonda, bambo wa zaka zoposa 60, anam'menya kunkhongo n'kumusiya ali thapsa pafupi ndi thanki ya madzi. Anamupeza m'mawa ndi mnzake wolowa masana. Kuchipatala anakhala chikomokere masiku 9, ndipo atatsitsimuka sankakumbukira chilichonse cha usikuwo.

Aka kanali kachitatu m'miyezi iwiri kuti malo otere athyoledwe m'deralo. Anthu anali atayamba kale kunena kuti apolisi tikugona. Mwini depoti anali munthu wodziwika, moti foni ya bwana wathu sinkapuma, ndipo moto wa pa foniyo unkatsikira kwa ife. Tsiku lomwelo mwini depoti anandipatsa dzina: mnyamata wa zaka 19, wonyamula katundu, amene anam'chotsa ntchito milungu iwiri m'mbuyomo atakangana za malipiro. Akuti potuluka pageti anati, "Muona." Titapita kwawo tinapeza kachidutswa ka waya wa kopa kotalika ngati mkono, komanso nsapato zatsopano.

Chifukwa anali nacho, malo ankawadziwa, waya tam'peza nawo. Kuyambira pamenepo ndinasiya kufunsa kuti wakuba ndani, n'kuyamba kufunafuna njira yosonyezera kuti wakuba ndi ameneyu. Ine sindinaone kuti funso lasintha. Ndinkangodziona ngati munthu amene ntchito ikumuyendera.

M'chipinda chofunsiramo

Tinamugwira madzulo. Ufulu wake wokhala chete ndinamuwerengera ngati mmene munthu amawerengera malamulo olembedwa kuseri kwa tikiti, mothamanga, maso ali pa pepala. Ndinamufunsa ngati wamva, iye anati, "Eya bwana." Loya panalibe, ndipo sanadziwe n'komwe kuti angapemphe.

Tinali atatu, tinkasinthana. Ndikaphatikiza nthawi yonse, tinamufunsa maola pafupifupi 11 m'masiku awiri, ambiri mwa maolawo usiku. M'chitokosi munali modzaza moti sanagone. Kwa maola oyambirira ankangobwereza chimodzimodzi: usikuwo anali kukweza katundu mu lole ina, ganyu ya usiku wonse, ndipo nsapato anagula ndi ndalama za ganyuyo. Anatchula nambala ya foni ya dalaivala wa loleyo, ine n'kuilemba pakona pa pepala. Waya uja anati anatola pa zinyalala za pa depoti kalekale, ankamangira chitseko. Nthawi iliyonse akayamba kufotokoza, mmodzi wa ife ankamudula: "Zimenezo tazimva. Tiuze zoona."

Kenako tinachita zinthu zitatu zimene ndikufuna muzione bwino. Choyamba, ndinamunamiza kuti mlonda watsitsimuka ndipo wam'tchula dzina, pamene bamboyo anali asanaphethire n'komwe. Chachiwiri, mnzanga anamuuza kuti popeza waya wapezeka m'nyumba ya mayi ake, mayiwo tiwamanga chifukwa chosunga katundu wakuba. Chachitatu ndi chimene ndinkachiyesa chifundo. Ndinakokera mpando pafupi, n'kutsitsa mawu: "Tamvera mphwanga, ine ndikudziwa kuti bwana uja anakudyera masuku pamutu. Aliyense akanakwiya. Sunafune kuwapweteka madala aja, zinangochitika. Ukatithandiza, nkhaniyi itha msanga, mayi ako sitiwakhudza."

Anakhala chete nthawi yaitali, akupotokola chingwe cha kabudula wake. Kenako anafunsa, "Ndikavomera ndipita kunyumba, bwana?" Sindinati eya. Sindinatinso ayi. Ndinangoti, "Tiyambe talemba."

Sitetimenti imene inatuluka inali yokongola. Inatchula geti la kuseri, loko wodulidwa, thanki ya madzi, madiramu 6, kumenya kochokera kumbuyo. Woimira boma pa milandu ataiwerenga anati munthu wosalakwa sangadziwe zonsezi. Nanenso ndinkakhulupirira choncho. M'mawa mwake tinapita naye ku depoti kuti akatilozere. Titatsika galimoto analunjika ku geti la kutsogolo. Mnzanga anati, "Iwe, si unati kuseri?" Mnyamatayo anatembenuka, n'kupita kuseri, n'kuloza. Tinamujambula chithunzi akuloza, ndipo chithunzicho chinalowa mu doketi, fayilo ya mlanduwo. Kulunjika kwake ku geti lolakwika sikunalowe paliponse.

Zimene sizinkagwirizana

Zinalipo, ndipo zonse zinali mu doketi yanga yomwe. Diramu imodzi ya wayayo sanganyamule munthu mmodzi, ndipo kuseri kwa mpanda kunali mapazi a matayala. Titamufunsa za anzake anatchula mayina awiri ongoyerekeza amene sanatifikitse kwa munthu aliyense. Chodulira loko anati anachiponya mu ngalande, tinavundula ngalandeyo osapeza kanthu. Iye anati mlonda anam'menya ndi chitsulo, pamene lipoti la dokotala linkasonyeza chinthu chachikulu chophwatalala, monga njerwa kapena thabwa. Katundu sitinapeze ngakhale batire limodzi.

Panalinso mayi wina amene ankagona pakhonde la nyumba yoyang'anana ndi msewu wa kuseriwo, amene anthu ankati mutu wake suyenda bwino. Iyeyu anauza wapolisi wathu wamng'ono kuti usikuwo anaona kalole ka nyali imodzi ndi amuna atatu. Wapolisiyo analemba mu notibuku yake n'kundiuza. Ine ndinaseka. Mwambi uja wakuti wamisala anaona nkhondo ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo sunandifike m'mutu.

Nambala ya dalaivala ija sindinaiimbe. Sikuti ndinaiwala. Ndinaona kuti n'kutaya nthawi kuimbira munthu pa nkhani imene mwini wake wavomera kale.

Kukhoti ndi ku rimandi

Tinamupititsa kukhoti maola 48 asanakwane, ndipo pa mfundo imeneyi tinali oyera. Malire a maola 48 ndi amene komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena mu 2014 kuti ndi okwanira kuti womangidwa aonekere pamaso pa woweruza, ndipo malamulo a mayiko ambiri amanena chimodzimodzi. Koma taonani, zonse zimene zinamuwononga mnyamatayu zinachitika mkati mwa maola ovomerezeka omwewo.

Atawerengeredwa mlandu anaukana. Anauza majisitireti kuti anavomera chifukwa choopa kuti mayi ake amangidwa. Majisitireti anamufunsa ngati anamenyedwa, iye anati ayi, nkhani n'kuthera pomwepo. Belo anam'kaniza chifukwa mlanduwo unali waukulu ndipo anzake amene "anawatchula" anali asanagwidwe. Kenako mlandu unayamba kuyenda mmene milandu ya osauka imayendera. Lero lipoti la dokotala silinasainidwe, mwezi wamawa galimoto yonyamula akaidi yawonongeka, mwezi winawo woweruza wasamutsidwa. Pangano la mayiko la 1966 lokhudza ufulu wa nzika limanena kuti kusunga munthu m'ndende podikira mlandu kusakhale chizolowezi, komabe ziwerengero za United Nations zimasonyeza kuti pa akaidi atatu aliwonse padziko lapansi, pafupifupi mmodzi sanaweruzidwe. Mnyamatayu anali mmodzi wa amenewo kwa miyezi 7.

Ine ndinali nditayamikiridwa kale pa msonkhano wa m'mawa. Mu kaundula wathu mlanduwo unalembedwa kuti wakuba wapezeka.

Mmene zinaululikira

M'mwezi wachisanu depoti ina inathyoledwa m'dera la polisi yoyandikana nafe. Loko wodulidwa, geti la kuseri, mlonda womenyedwa kuchokera kumbuyo. Mlonda ameneyu, bambo wa ana anayi, diso limodzi linatheratu. Patapita masiku ochepa wapolisi wa pamsewu anaimitsa kalole pa rodibuloko, ndipo chimene anaimitsira n'chakuti nyali imodzi sinkayaka. Pansi pa tenti panali waya, pansi pa mpando panali chodulira zitsulo, m'galimotomo munali amuna atatu. Ofufuza a kumeneko anatsatira katunduyo mpaka kwa wogula zitsulo zakale, ndipo m'buku lake anapeza kuti anthu omwewo anamugulitsa waya wambiri m'mawa wa tsiku limene depoti yathu inathyoledwa. Madiramu awiri opanda kanthu anali akadali kuseri kwa yadi yake, manambala ake akugwirizana ndi a pa mapepala a mwini depoti.

Amene analumikiza milandu iwiriyi ndi mayi wina wamkulu paudindo, amene ntchito yake inali kuunika madoketi a mapolisi angapo. Anandiitana ku ofesi yake. Sanakalipe. Anandipatsa sitetimenti ya mnyamata uja ndi cholembera chofiira, n'kunena kuti, "Khalani apo bambo. Mudule mzere pansi pa mfundo iliyonse imene ili m'menemu, imene inuyo simunkaidziwa musanalowe m'chipinda chija, ndipo pambuyo pake munakaitsimikiza kuti ndi yoona."

Ndinawerenga kawiri. Geti la kuseri tinkalidziwa. Loko ndinali naye m'thumba la umboni, ndipo ndinakumbukira kuti ndinamuika patebulo pamaso pake. Za thanki ndinazitchula ndine pofunsa kuti, "Unawapeza pa thanki paja, eti?" Chiwerengero cha madiramu anayamba ndi kunena atatu, mnzanga n'kuti "Onjezera," mpaka anafika pa 6. Zimene zinachokera kwa iye yekha zinali mayina awiri aja, ngalande ndi chitsulo, ndipo zonsezo zinali zabodza. Ndinabweza pepalalo lilibe mzere wofiira ngakhale umodzi.

"Ndiye sitetimentiyi ndi ya ndani?" anafunsa mayiwo.

Madzulo omwewo ndinaimba nambala ya pakona ija. Dalaivala anayankha kulira kwachiwiri. Anamukumbukira mnyamatayo, ndipo anali ndi pepala la katundu losonyeza tsiku ndi nthawi imene anakweza. Foni yonseyo sinakwane mphindi zisanu.

Munthu wachinayi

Apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ndi pamene ndinatsala pang'ono kulakwa kachiwiri, mwadala tsopano. Usiku umenewo maganizo anandibwerera akuti mwina mnyamatayo anali munthu wachinayi. Mwina ndiye anawauza za geti la kuseri. Mwina anakweza lole mpaka pakati pa usiku n'kuthamangira ku depoti. Anzanga awiri aja anagwirizana nazo msangamsanga, ndipo wina anati tikangowapanikiza atatu aja amutchula. Ndikudziwa kuti akanamutchuladi, pakuti njira yotchulitsira munthu dzina tinkaidziwa bwino.

Maganizo amenewa amakoma chifukwa amapulumutsa aliyense kupatula womangidwayo. Wofufuza sanalakwe, woimira boma sanalakwe, khoti silinalakwe, tangopeza ena owonjezera. Si ife tokha tinagwerapo m'mbuna imeneyi. Ku New York, anyamata asanu a zaka 14 mpaka 16 anavomera kuti anachita nawo chiwembu chogwirira mayi wina m'paki ya Central Park mu 1989, ndipo anamangidwa. Mu 2002 Matias Reyes anaulula kuti anachita yekha, DNA, chizindikiro cha m'thupi chosiyanitsa munthu ndi mnzake, inagwirizana naye, khoti n'kufafaniza zigamulo za anyamatawo. Ngakhale zinatero, panali apolisi ena amene anapitiriza kunena kuti anyamatawo ayenera kuti analipo ndithu. Mzindawo unadzawalipira madola 41 miliyoni mu 2014.

Mayi wounika madoketi uja anandifunsa funso limodzi lokha: kupatula sitetimenti yopanda mzere wofiira ija, n'chiyani chikumuika mnyamatayo pa depoti usikuwo? Panalibe. Atatu aja anafunsidwa ndi ofufuza ena, aliyense payekha, popanda kuwatchulira dzina, ndipo palibe anamudziwa. Za geti la kuseri anazidziwa chifukwa mmodzi wa iwo anabwerapo masana ngati wogula.

Ndinalemba lipoti kwa woimira boma, n'kuikamo zonse, kuphatikizapo bodza la mlonda, kumuopseza mnyamatayo kuti timanga mayi ake ndi za geti la kutsogolo zija. Kulemba chiganizo chakuti "ndinamuuza zabodza" kunanditengera nthawi yaitali kuposa lipoti lonselo. Kumumanga kunatitengera madzulo amodzi, koma kuti mlandu uthetsedwe ndipo atuluke panapita milungu ina 6, mapepala akuyenda kuchoka pa tebulo ili kupita pa linalo.

Chifukwa chiyani munthu amavomera chimene sanachite

Funso limeneli amandifunsa ndi apolisi omwe. Akatswiri a maganizo a anthu Saul Kassin ndi Lawrence Wrightsman, mu 1985, anagawa kuvomera kwabodza m'mitundu itatu. Pali amene amabwera okha kudzavomera popanda wowakakamiza, kaya pofuna kutchuka, kuteteza wina kapena chifukwa cha matenda. Pali amene amadziwa kuti sanachite koma amavomera kuti chimene chikuwachitikira panthawiyo chithe. Ndiye pali amene amapanikizidwa mpaka kuyamba kukayikira kukumbukira kwawo, n'kukhulupirira kuti mwina anachitadi. Mnyamata wathu anali wa mtundu wachiwiri. Atatuluka anandiuza kuti ankaganiza kuti mlonda akadzachira bwinobwino adzanena kuti si iyeyo, ndiye panalibe choopa. Kusalakwa kwake komweko ndi kumene kunam'limbitsa mtima kuti asaine. Wolakwa weniweni amadziwa kuti akasaina watha, choncho amalimba.

Bodza lonena za umboni limagwira ntchito pa wolakwa ndi wosalakwa mofanana, n'chifukwa chake ndi loopsa. Mayiko amasiyana pa nkhaniyi. Khoti lalikulu la United States linalola kuvomera kopezeka motere mu 1969, ndipo mpaka mu 2021 ndi pamene Illinois inakhala boma loyamba kumeneko kuletsa apolisi kunamiza ana powafunsa. Ku England anaphunzira kudzera m'zowawa. Mu 1972 anyamata atatu anavomera milandu yokhudza imfa ya Maxwell Confait ku London, mmodzi wa iwo wa zaka 18 koma nzeru zake ngati za mwana wamng'ono. Zigamulo zawo zinafafanizidwa mu 1975, ndipo mkangano umene unatsatira unathandiza kubala lamulo la 1984 loyendetsa mmene apolisi amamangira ndi kufunsira anthu, limene linadzabweretsa kujambula mawu pofunsa woganiziridwa.

Ndipo mlandu woyamba padziko lapansi umene DNA inagwiritsidwa ntchito pofufuza kupha munthu unayamba ndi kumasula munthu amene anali atavomera. Ku Leicestershire, ku England, atsikana awiri a zaka 15 anaphedwa, wina mu 1983 wina mu 1986. Mnyamata wa zaka 17 anavomera kupha wachiwiriyo. Apolisi anapita kwa Alec Jeffreys wa pa yunivesite ya Leicester kuti awathandize kumumangiriranso mlandu woyamba, koma zotsatira zinati atsikana onse awiri anawapha munthu mmodzi, ndipo munthuyo si mnyamatayo. Chimene ndimawalemekezera apolisi amenewo n'chakuti anavomereza, n'kuyambiranso. Anayeza amuna pafupifupi 5,000, mpaka anagwira Colin Pitchfork mu 1987, ndipo anaweruzidwa mu 1988.

Amene analipira

Maloya amakonda mawu a William Blackstone, katswiri wa malamulo wa ku England, a m'zaka za m'ma 1760, akuti ndi bwino olakwa khumi apulumuke kusiyana n'kuti wosalakwa mmodzi avutike. Apolisi ambiri mawuwa amatinyansa, chifukwa amamveka ngati tiyenera kusankha pakati pa kuteteza anthu ndi kulemekeza ufulu wa woganiziridwa. Mlandu uwu unandionetsa kuti masamu ake sali choncho. Tsiku limene ndinatsekera wosalakwa mmodzi ndi tsiku lomwelo limene ndinamasula olakwa atatu, pakuti palibenso amene ankawafunafuna. Diso la mlonda wachiwiri uja lili pa doketi yanga. Ndikanamvera mayi wa pakhonde uja, kalole ka nyali imodzi tikanakayang'ana miyezi isanu m'mbuyomo.

Anthu akamati apolisi agwire ntchito, nthawi zambiri amatanthauza kuti aone munthu ali mu unyolo. Sindiwaimba mlandu, munthu amene waberedwa kapena m'bale wake ali chikomokere amafuna kuona kuti boma lilipo. Koma chimene amafunitsitsa pansi pa mtima n'chakuti kuthyolako kuleke, ndipo unyolo pa dzanja lolakwika suletsa kuthyola. Umangotonthoza anthu kwa kanthawi, uku akuba enieni akuona kuti njira ndi yoyera.

Makhoti, oimira boma ndi maloya anaikidwa kuti wina akalakwitsa wina agwire. Pa mlandu uwu aliyense anatsamira pa mnzake. Woimira boma anakhulupirira ine, majisitireti anakhulupirira woimira boma, a ndende analandira chikalata chosainidwa bwinobwino. Panalibe woipa mtima pakati pathu, ndipo palibe analandira chiphuphu. Zipata zinayi zonsezo zinatseguka ndi kiyi mmodzi, pepala limene ndinalemba ine n'kusainitsa mwana wosagona.

Pali mawu amene amati ndi a Robert Peel, amene anayambitsa polisi ya London mu 1829, ngakhale olemba mbiri amakayikira ngati anawalemba yekha, akuti apolisi ndi anthu ndipo anthu ndi apolisi. Kale ndinkawaona ngati mawu okongoletsera khoma. Tanthauzo lake ndinaliona mnyamata uja atatuluka. M'dera la kwawo anthu anasiya kutiuza zinthu. Ukafunsa amene anaona ndewu, aliyense anali kubafa. Mayi wina anandiuza maso ndi maso kuti, "Bwana, ife tikakuuzani dzina la munthu ndiye kuti tamupha. Inu simufufuza, mumangotenga." Milandu yambiri imene ndinaithetsa pa moyo wanga inatheka chifukwa wina anabwera kudzanong'ona. Kunong'onako kukaleka, wapolisi amatsala ndi yunifolomu ndi galimoto basi.

Zimene tinasintha

Palibe chachilendo pa zimene tinayamba kuchita, zambiri tinatengera njira imene apolisi a ku England ndi Wales anayamba kuphunzitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, yotchedwa PEACE, imenenso mzimu wake uli mu mfundo za Méndez za 2021, zotchedwa dzina la Juan Méndez amene anali nthumwi ya United Nations pa nkhani za kuzunza anthu. Mutu wake ndi wakuti polowa m'chipinda chofunsira, cholinga ndi kupeza zimene zinachitika, kuvomera kukabwera kubwere pakokha.

Timajambula mawu kuyambira pa moni mpaka pomaliza, ngakhale ndi foni ngati palibe china. Kujambula mphindi khumi zomaliza zokha, munthu atafewa kale, n'koipa kuposa kusajambula, chifukwa kumapatsa bodza nkhope yabwino. Tisanalowe timalemba mfundo ziwiri kapena zitatu zimene wochita yekha ndi amene angazidziwe, n'kuzibisa, ndipo palibe wololedwa kuzitchula. Timayamba ndi kumulola munthu kufotokoza yekha mpaka amalize, osam'dula, kenako n'kumufunsa pamene nkhani yake ikusemphana ndi umboni umene tili nawodi. Akanena kumene anali, timakafufuza tisanamutsegulire mlandu. Ndipo pa doketi iliyonse pamakhala pepala lofunsa kuti: ngati si ameneyu, angakhale ndani, ndipo tachitapo chiyani kuti tidziwe?

Ndisakunamizeni kuti anzanga onse anasangalala, kapena kuti njirayi ilibe mtengo wake. Imachedwa. Imafuna mafuta a galimoto ndi nthawi ya pa foni zimene nthawi zina palibe. Chaka chotsatira ndinamasula munthu amene mpaka lero mtima wanga umandiuza kuti anaba, chifukwa anakhala chete ndipo umboni unali wosakwana. Kale ndikanamufewetsa usiku umodzi. Wodandaula ananditukwana pa kauntala, ndipo ndinalibe chomuyankha chomveka. Koma mtima womwewo ndi umene unandiuza kuti mnyamata uja ndi wakuba, ndiye ndinasiya kuuyesa umboni.

Za chilango changa, ndinalandira chenjezo lolembedwa ndipo kukwezedwa kwanga kunachedwa. Ena anati n'zochepa, ena anati sindinayenere kulangidwa n'komwe popeza sindinamenye munthu. Ine ndili kumbali ya oyambawo.

Mmene zilili pano

Atatu aja anapezeka olakwa pa milandu yonse iwiri. Mlonda woyamba sanabwererenso pa ntchito, amayenda ndi ndodo ndipo mawu amatuluka movutikira. Mayi wa pakhonde uja ndinapita kukamufuna kuti ndikamuuze kuti ananena zoona, koma ndinapeza pakhondepo atamangapo mpanda, ndipo oyandikana nawo anati anachoka kalekale.

Mnyamata uja anatuluka ali wowonda, akutsokomola. Mwini depoti sanapepese, akuti mpaka pano amati utsi sufuka popanda moto. Patapita mwezi anabwera ku polisi ndi mayi ake. Ndinawapatsa mipando, ndinapepesa, mayiwo anangoyang'ana pansi osayankha. Mnyamatayo ndiye analankhula: "Bwana, kulikonse ndikafuna ganyu akuti ndine uja wa waya. Mundilembere kalata yoti sindinabe."

Fomu ya kalata yotere kulibe. Tili ndi mafomu omangira munthu, otsegulira mlandu, osungira katundu wake, opititsira ku rimandi. Chikalata cha kukhoti chimangoti mlandu wathetsedwa, ndipo kwa wolemba ntchito mawu amenewo amatanthauza kuti anapulumuka mwamwayi. Ndinapempha chilolezo kwa mayi wounika madoketi uja, ndinalemba kalata ya mizere isanu yonena kuti kafukufuku anatsimikiza kuti iye sanakhudzidwe ndi mlanduwo ndipo ochita ake anagwidwa, tinadindapo chidindo. Anakaikutira pulasitiki, ndipo nditakumana naye komaliza anali nayo m'thumba la malaya, akuitulutsa pa geti lililonse limene akufunsirapo ntchito. Zidindo za zala zake zikadali m'kaundula wa anthu amene anamangidwapo. Kalata yopempha kuti zichotsedwe ndalemba kawiri, ndipo mwezi uno ndilembanso yachitatu.